Kalata kwa Mpingo: Mlatho Ulipobe, Koma Madzi Anasiya Kuyenda

Okondedwa mwa Khristu, amayi, abambo ndi achinyamata,

Mtendere wa Ambuye ukhale m'makomo mwanu. Mwezi uno ndafuna ndikulembereni za mlatho wina wa kum'mwera kwa dziko la France, wotchedwa Pont du Gard, chifukwa mbiri yake ikukhudza nkhani imene yakhala ikundilemera mumtima pa mpingo wathu.

Aroma anaumanga m'zaka 100 zoyambirira Yesu atabadwa, m'nyengo ya atumwi, ndipo ntchito yake inali kuwolotsa madzi. Mzinda wa Nemausus, umene lero ndi Nîmes, unkafuna madzi akumwa ndi osamba, koma akasupe abwino anali kufupi ndi Uzès. Chifukwa cha mapiri, ngalande inakhotakhota mpaka makilomita pafupifupi 50. Pampu kunalibe. Madzi ankatsetsereka okha, ndipo pa mtunda wonsewo ngalandeyo inatsika mamita osakwana 13. Taganizirani kudekha kwa amene ankayeza! Akanangophonya pang'ono, madzi akanaima panjira.

Pa mtsinje wa Gardon ndi pamene anaimika mlathowo: mizere itatu ya zipilala yosanjikizana, msinkhu wake mamita pafupifupi 49. Miyala ina inkalemera matani 6, yosemedwa bwino kwambiri moti yambiri inagwirana popanda matope omangira. Ngalande inadutsa pamwamba penipeni, yovindikiridwa ndi miyala.

Tsono mvetserani apa, abale anga. Mlathowo sunagwe, ulipobe mpaka lero, ndipo mu 1985 bungwe la UNESCO linauika m'gulu la malo ofunika kusungidwa padziko lonse. Koma madzi anasiya kalekale kudutsamo. Madzi a akasupe aja anali ndi laimu wambiri, amene ankamatirira m'makoma a ngalande pang'onopang'ono. Pankafunika anthu olowa mumdimamo kukapala ndi kuzula mizu ya zomera. Kuyambira m'zaka za m'ma 300, ufumu wa Roma ukufooka, ntchito imeneyi inayamba kunyalanyazidwa. Laimu anakhuthala, njira inachepa, mpaka ngalande inatsekeka. Pambuyo pake anthu anayamba kugumula miyala ya ngalandeyo n'kumakamangira nyumba zawo. Mlatho wokha unapulumuka chifukwa unasanduka powolokera, ndipo mafumu ndi mabishopu a m'deralo, amene ankalipiritsa owoloka, ankausamalira.

Ine ndimaganizira kwambiri anthu opala laimu aja. Mayina awo sitiwadziwa, komatu mzinda wonse unkamwa chifukwa cha iwo.

Pomanga tchalitchi chathu tinabwera tonse, wina ndi njerwa, wina ndi ndowa pamutu, ndipo ndimathokoza Mulungu pa chimenecho. Lero ntchito zosaoneka zatsalira anthu ochepa omwewo: kusesa, kuyendera odwala ndi okalamba, kuphunzitsa ana Sande sukulu, kuyang'anira mjigo wathu usanafe. Amayi ena akalamba akugwira ntchitozi osadandaula, ndipo ndikuona kuti atopa. Sichabwino kuti tiziwayamikira pakamwa pokha kwinaku manja tapinda.

Ndikupempha banja lililonse lisankhe ntchito imodzi yoti liziigwira chaka chino. Achinyamata, mjigo ndi bwalo la tchalitchi zikudikira inu. Lamulungu likudzali, tikaweruka mapemphero, akulu a mpingo adzakhala pakhomo kulemba mayina.

Ambuye akusungeni nonse.

Ine mtumiki mnzanu,
M'busa wanu