Galimoto ija yagwada

Mnzanga,

Kalata yako anabweretsa ndi mwana wa a Mbewe pamodzi ndi nsapato zija. Zakwana, kungoti yakumanzere ikuluma. Wafunsa za aliyense mpaka galu, koma Land Cruiser sunaitchule n'komwe, iwe amene unandinong'oneza kuti ndigule. Ndiye umva, ufune usafune.

Inagwada pa chinkhoswe cha Thoko. Ndinaitsitsa pa L, msinkhu wake wapansi kwambiri, kuti agogo akwere mosavutika, agogo anakwera, iyo osadzukanso. Kanyale ka OFF kumangophethira. Tinabwerera chokwawa, hampu iliyonse ikumveka mpaka m'mano. A Phiri akuti galimoto yaulemu ngati mkamwini wofika kumene pamudzi, ndipo dzinalo lamera. Ana akandiona pamsewu amafunsa kuti akamwini adzuka bwanji. Ngakhale abusa afunsa.

Vuto linali kathanki ka mafuta a AHC, makina okweza ndi kutsitsa galimoto, kapulasitiki kaja kali mu boneti, pampu ili kunsi kwake. Kanang'aluka m'munsi, mng'alu wowonda woti suoneka mpaka upukute fumbi lomwe lamatirira. Mtundu wa 100 uwu anasiya kupanga mu 2007, ndiye pulasitiki yowotchedwa ndi injini zaka zonsezi ungaiimbe mlandu wanji? Mafuta amatha mwakachetechete, pampu n'kuyamba kumeza mpweya.

Makaniko wina, dzina ndisunge, anati timate ndi guluu kenako tithiremo mafuta a mabuleki, ati mafuta ndi mafuta. Ndinangotseka boneti. Pafupi ndi tayala lililonse pali chimpira chachitsulo, mkati mwake muli mpweya wa nitrogen mbali ina, mafuta mbali ina, pakati pali labala. Kufewa konse kwa galimotoyi kuli pa labala ameneyo, ndipo mafuta a mabuleki amamudya. Ukatero wagula maliro anayi nthawi imodzi.

Kathanki kena ndinakapeza ku Biwi, kochotsa pa Land Cruiser Cygnus yogundidwa kumbuyo. Mtengo wake sindikuuza, ungauze mlamu wako. Tinakatsuka mpaka kuyera, chifukwa kamchenga kamodzi kakalowa m'pampu ndiye zako zada. Mafuta otsala tinakoka ndi sirinji, akuda bii, onunkha chopserera. Kumasula sikunavute, chovuta ndi kalabala kolumikiza thanki ndi pampu: kakakhala kopendekeka pang'ono pokha, m'mawa upeza dontho pansi. Mnyamata wa a Phiri ndiye anali ndi zala zokwana pamenepo, ine ndimangowalitsa ndi foni n'kumalangiza zomwe amadziwa kale.

Kenako kuchotsa mpweya. Umalowa pansi, kumasula kabawuti ka pa chimpira chilichonse, paipi yoonekera mkati italozetsedwa m'botolo, thovu likutuluka, galimoto n'kumatsikira pamutu pako. Ulize injini, ikwere, uwonjezere mafuta, upite tayala lina. Chitini chonse cha malita 2.5 chinathera pamenepo. Itadzuka kufika pa N, msinkhu wake wa masiku onse, mafuta ali pakati pa MIN ndi MAX, mayi a Chikondi analuluta ali pakhonde, mwachipongwe.

Tsono kathanki koyera kandibweretsera matenda. Kali ndi timizere m'mbali. Ukaikweza galimoto kuchoka pa L kufika pa H, msinkhu wapamwamba kwambiri, umawerenga timizere tomwe mafuta atsika. Mipira yatsopano imapereka 14, ikafika pa 7 yatha ntchito. Yanga ikupereka 8. Kale mizereyo sinkaoneka ndi litsiro ndipo ndinkagona tulo. Pano m'mawa uliwonse ndili pa boneti ndi tochi, kuwerenga ngati mwina usiku yasintha maganizo. Aliyense akuti ndizule zonse ndiike masipuling'i ndi mashoko wamba, monga achitira ambiri. Mwina akunena zoona. Koma agogo azikwera bwanji?

Malume a ku Ntcheu tinawaika mwezi watha, unamva kale. Pamanda ndinayang'ana malo omwe iwe ukanaima, panaima munthu wina wosamudziwa. Mpando wa kutsogolo umakhala wopanda munthu masiku ano, ndikamapita kumudzi ndimalankhula ndekha kuyambira Nathenje mpaka Dedza.

Chomwe ndikufuna ndi ichi. Ku Johannesburg kwanuko undipezere chitini china, cholembedwa Suspension Fluid AHC, osati chomwe wogulitsa akuuze kuti n'chofanana. Uchikulunge bwino, upatse woyendetsa basi yodzera ku Tete. Usachiike m'chikwama chimodzi ndi shuga wa amayi. Ufunsenso mtengo wa mipira inayi ija, koma usandiuze pa foni, ulembe, ndiwerenge nditakhala pansi.

Za denga la nyumba yako ndalankhula ndi a Mbewe, akuti malata awiri akumbuyo ndiye, koma magetsi azima ndipo tochi ndinaisiya mu