Kalata ya abusa: chofunda cha wosauka chibwezedwe dzuwa lisanalowe

Abale ndi alongo okondedwa mwa Ambuye,

Mtendere ukhale m'nyumba zanu zonse.

Sabata yathayi ndinakachezera mayi wina wachikulire wa mumpingo mwathu muno. Anandilandira atavala jekete lochindikala, mpango uli m'khosi, m'nyumba mwawo momwe. Hita inalipo, yabwinobwino, koma yozimitsa. Atafuna kundikonzera tiyi, anayamba asuzumira pa mita kuti aone ndalama zatsalapo zingati, kenako anayeza madzi a kapu imodzi yokha n'kuthira m'ketulo. Ndinawafunsa kuti nanga wawo uli kuti. Anati, "Ndamwa kale abusa." Tonse awiri tinkadziwa kuti sanamwe.

Kuzizirako kunandipweteka, koma chimene chandisowetsa tulo ndi mawu amene anandiuza pondiperekeza pakhomo: "Mundikhululukire, kapena ineyo ndiye sindidziwa kusamala ndalama." Mayi amene walera ana, wagwira ntchito mpaka msana kupindika, lero akudziimba mlandu chifukwa cha bilu ya gasi ndi magetsi. Ndakulemberani kalatayi kuti manyazi amenewa tiwachotse pamutu pa anthu osalakwa.

Tiyeni tikumbutsane mmene zinthu zinayendera muno mu Britain. Mu October 2021, malire a mtengo amene bungwe loyang'anira za gasi ndi magetsi la Ofgem limaika anali mapaundi 1,277 pachaka pa banja logwiritsa ntchito gasi ndi magetsi mwapakatikati. Pofika April 2022 anali mapaundi 1,971. Miyezi ingapo itadutsa Ofgem inalengeza mapaundi 3,549, ndipo boma linachita kulowererapo n'kuimika pa 2,500. Nyumba ndi yomweyo, ketulo ndi yomweyo, malipiro sanasunthe kwenikweni, koma bilu inawirikiza kawiri m'chaka chimodzi. Mitengo yatsikako kuchokera nthawi imeneyo, koma siinabwerere pomwe inali, ndipo mabanja ambiri akusenzabe ngongole za nyengo imene ija.

Chaka chomwecho cha 2022, kampani ya mafuta ndi gasi ya Shell inapeza phindu la madola pafupifupi 40 biliyoni, lochuluka kuposa chaka china chilichonse m'mbiri yake. BP inapeza pafupifupi 28 biliyoni, ExxonMobil kupitirira 55 biliyoni, Saudi Aramco 161 biliyoni. Centrica, mwini wake wa British Gas, inapeza mapaundi oposa 3 biliyoni. Kodi makampaniwa anatulukira luso latsopano chaka chimenecho? Anakumba zitsime kawiri kuposa kale? Ayi. Gasi anali atayamba kale kukwera dziko likutuluka mu mliri wa Covid-19, kenako mu February 2022 Russia inaukira Ukraine, gasi wopita ku Europe anachepa, mtengo n'kuuluka. Wokumba gasi anawononga ndalama zofanana ndi zakale koma anagulitsa pamtengo wa nkhondo. Ngakhale magetsi opangidwa ndi mphepo anakwera nawo, chifukwa pamsika wa magetsi mtengo umatsatira siteshoni yomaliza imene yayatsidwa kuti magetsi akwane, ndipo nthawi zambiri imeneyo imakhala yoyendera gasi.

Ndisanamizire munthu. Phindu palokha si tchimo, ndipo wantchito ayenera malipiro ake. Alipo anthu amene amakhala masabata pakati pa nyanja ya North Sea, m'mphepo yoopsa, kuti ife tiyatse moto. Komanso kampani imene imakutumizirani bilu si nthawi zonse imene imadya phindu lalikululo. Makampani ogulitsa gasi ndi magetsi kwa mabanja pafupifupi 30 anagwa mu 2021 ndi 2022. Koma taonani, ndalama zokonzera kugwa kwawoko zinaikidwanso pa mabilu athu. Zikavuta, onse tisenze. Zikakoma, adye ochepa. Apa ndi pamene mtima wanga ukukana.

Pa Eksodo 22:26-27 Mulungu anapereka lamulo lokhudza ngongole. Ukatenga chofunda cha mnzako ngati chikole, umubwezere dzuwa lisanalowe, pakuti ndicho chokhacho ali nacho, nanga agona chofunda chiyani? Ndipo akalirira kwa Mulungu, Mulungu adzamva. Onani kuti lamuloli silikunena kuti ngongoleyo yafufutidwa. Wokongoza ali nawo ufulu wake. Koma ufuluwo uli ndi malire, ndipo malirewo ndi thupi la munthu likamanjenjemera usiku. M'dziko lachisanu ngati lino, chofundacho ndi hita ija. Ndi madzi otentha osambitsira khanda, ndi magetsi oyendetsa makina a wodwala wovutika kupuma. Kumayambiriro kwa 2023 zinaululika kuti anthu ena angongole ankawalowera m'nyumba ndi chilolezo cha khothi n'kuwaikira mita yolipiriratu mokakamiza, ena mwa iwo odwala ndi okalamba. Mita yotere ndalama zikatha imangodula, siifunsa ngati m'nyumbamo muli mwana. Kumeneko ndi kugona ndi chikole cha wosauka mpaka kutacha. Mchitidwewu unaimitsidwa kaye anthu atadandaula kwambiri, malamulo ake n'kukhwimitsidwa. Kulankhula kumathandiza, abale.

Chinanso chimene ambiri sitichiona pa bilu ndi ndalama ya tsiku ndi tsiku imene amadula ngakhale musanayatse kanthu. Mayi aja akhoza kukhala mumdima tsiku lonse, mita ikudyabe. Wolemera saimva. Wosauka amene akudzimana ndiye imamulasa.

Mlembi wamkulu wa United Nations, a António Guterres, ananena mu August 2022 kuti phindu lotere, lopezedwa pamsana pa osauka, ndi losemphana ndi chikhalidwe chabwino, ndipo anapempha maboma kuti alikhomere msonkho. Muno msonkhowo unakhazikitsidwa mu May 2022 pa 25 peresenti, kenako unakwezedwa kufika 35. Ena amati msonkho wotere uthamangitsa makampani ndi ntchito zomwe, ndipo nkhawa imeneyo ndimaimva. Sindikukuuzani chipani choti muvotere, guwa silinaikidwire zimenezo. Koma phungu wa dera lanu ali ndi adiresi. Mulembereni, mumuuze bilu yanu ndi malipiro anu, manambala enieni. Enafe ndalama zathu za penshoni zili m'makampani omwewa, choncho tili ndi pakamwa pofunsira kuti phindulo likupita kuti.

Tsopano za pakati pathu. Akulu a mpingo agwirizana kuti holo yathu izikhala yotsegula ndi yofunda Lachiwiri ndi Lachinayi, kuyambira m'mawa mpaka madzulo, nyengo yozizira yonseyi. Bilu ya tchalitchi nayo yakwera, tikudziwa, koma kuli bwino hita imodzi ifunditse anthu makumi atatu kusiyana n'kuti aliyense azizidwe yekha kwake. Bwerani ndi ana, alembere homuweki pomwepo. Palibe adzakufunseni chifukwa chimene mwabwerera.

Amene mabilu akuthinani, musabise makalatawo m'dirowa osatsegula. Bwerani nawo, achinyamata athu odziwa za mafomu akhala nanu pansi. Pali thandizo la Warm Home Discount la mapaundi 150 kwa oyenerera. Okalamba, olumala ndi odwala akhoza kulembetsa kwaulere pa Priority Services Register, mndandanda wa anthu amene makampani a gasi ndi magetsi amawapatsa chisamaliro chapadera. A Citizens Advice amathandiza kukambirana ndi kampani za kabwezedwe ka ngongole, osalipiritsa. Thumba la madikoni nalo lilipo, ndipo dzina la wothandizidwa limathera kwa dikoni mmodzi ndi ine.

Ndikupempheni ndi mtima wonse: kuzizire bwanji, musayatse makala m'nyumba, musafunditse chipinda ndi chitofu cha gasi. Mpweya wake sununkha, umapha munthu ali m'tulo.

Inu amene Ambuye akudalitsani, nyumba zanu n'zofunda, Lamulungu likubwerali padzakhala chopereka chapadera cha thumba limeneli. Ndipo musanafike Lamulungulo, sankhani khomo limodzi la munthu wokhala yekha, mukagogode. Mukalowa, musafulumire kuvula jekete. Yambani mwamva ngati m'nyumbamo mukutentha.

Ine mbusa wanu mwa Khristu.