Mayunivesite abwere adzapulumutse zolembedwa zakale za ku Nkhotakota

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga ndilankhule ndi akuluakulu a malaibulale a m'mayunivesite athu, makamaka osamalira ophunzira a mbiri yakale, zilankhulo, zipembedzo ndi zaluso.

Wophunzira akasankha kuchita kafukufuku wa Nkhotakota amatumizidwa ku Zomba, ku National Archives (kosungira zolembedwa zakale za dziko) ndi ku gawo la Malawiana (la mabuku onena za Malawi) mu laibulale ya University of Malawi. Thumba likalola amapitirira ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre. Zambiri amazipezadi. Koma ofesi yaikulu ya boma ku Zomba inapsa mu 1919, ndipo mapepala ochuluka a zaka za m'mbuyomo anathera pomwepo. Nkhani ya Jumbe Salim bin Abdallah, wamalonda wa Chiswahili yemwe anakhazikika kuno ku Nkhotakota cha m'ma 1840, kukumana kwa Jumbe ndi David Livingstone mu 1863, pangano la Jumbe ndi Harry Johnston, nthumwi ya boma la Britain, la mu 1889, zonsezi timazimva kwambiri kuchokera kwa alendo, ndipo makalata a amishoni a Anglican a bungwe la UMCA amasungidwa ku Oxford, ku England.

Mawu a eni dera ali konkuno: makaundula a ubatizo ndi a maukwati m'matchalitchi, mabuku a mashehe a zilembo za Chiarabu, mabuku a milandu a kwa mafumu, malogibuku a sukulu zakale, zithunzi zosungidwa m'masutikesi. Zimenezi ndi chuma cha laibulale chimene sichinalowe m'katalogi, ndipo kuno kunyanja pepala silikhalitsa.

Mdani woyamba ndi chinyontho. Chikadutsa 65 peresenti mumpweya kwa masiku angapo, pepala limayamba kuchita chuku, ndipo nyengo ya dzinja kuno chimadutsa kawirikawiri. Chiswe chimalowera m'ming'alu ya simenti, nkukwera kumbuyo kwa kabati yotsamira khoma. Mukatsegula kaundula mupeza chikuto chili bwinobwino, koma m'kati muli dothi ndi tinjira, maina a m'badwo wonse atadyedwa. Mphemvu ndi njenjete zimafuna guluu wa pamsana pa buku. Kwinako timawononga tokha pofuna kuthandiza. Selotepi imasanduka yachikasu, guluu wake nkulowerera m'pepala osachokanso. Mapini amachita dzimbiri nkuboola masamba. Jumbo imasunga thukuta la pepala lonyowa. Choipitsitsa ndi kulamineta, chifukwa kutentha kwake kumamatirira pulasitiki ku inki, ndipo kubweza sikutheka.

Chisamaliro choyamba sichifuna ndalama zambiri. Mabuku achoke pansi, akhale pa shelefu, makamaka yachitsulo, masentimita 15 kuchokera pasimenti, ndipo kumbuyo kutsale mpata woti dzanja lidutse. Asakhale pafupi ndi windo kapena pansi pa malata odontha. Kaundula wamkulu agonekedwe, asaimikidwe, ndipo musasanjikize oposa atatu. Amene msana wake unathothoka amangidwe ndi kansalu koyera ka thonje, osati labala. Polemba nambala pa buku mugwiritse pensulo. Kachipangizo koyezera chinyontho kaziwerengedwa m'mawa ndi madzulo.

Buku likanyowa muli ndi masiku awiri okha chuku chisanagwire. Musaliyanike padzuwa, masamba amapindika nkuuma ngati chikopa. Liimikeni motsegula pamthunzi podutsa mphepo, muike pepala loyera pakati pa masamba 20 aliwonse, ndipo muzisintha likanyowa. Lomwe lili ndi tizilombo, koma ndi louma, mulitsekere m'pulasitiki yosalowa mpweya, likhale mu firiji yoziziritsa kufika pa madigiri -18 kwa masabata awiri athunthu. Mukalitulutsa musamasule mpaka tsiku lotsatira, kuti madzi a kuziziraku agwere kunja kwa pulasitiki osati pa pepala. Magetsi akathima pakati, yambaninso kuwerenga masiku.

Pomwe mayunivesite akufunikira kwambiri ndi pa kujambula. Foni yabwino imakwanira, bola ikhazikike pa choimikira ikuyang'ana pansi molunjika, popanda fulashi, m'chipinda chowala. Tsamba lioneke lonse mpaka m'mphepete, ndipo pambali pakhale rula. Masamba opanda kanthu nawo ajambulidwe, kuti wowerenga adziwe kuti palibe chomwe chinadumphidwa. Ntchito zotere zimafera kwambiri pa maina a mafayilo. Zithunzi 3,000 zongokhala ndi manambala a foni palibe adzazigwiritse. Dzina lililonse linene malo, mwini, mtundu wa buku, zaka ndi tsamba. Makope akhale atatu: kwa mwini, ku laibulale ya yunivesite ndi ku National Archives. Zisatumizidwe pa WhatsApp ngati zithunzi wamba, chifukwa imazichepetsa mpaka zilembo zazing'ono kufufutika.

Pempho langa ndi lakuti pa tchuthi chachikulu laibulale iliyonse itumize wogwira ntchito mmodzi ndi ophunzira anayi kapena asanu adzakhale kuno masabata awiri. Ayambe ndi kalembera: ndani ali ndi chiyani, cha chaka chiti, chawonongeka motani. Pagulupo pasalephere wodziwa kuwerenga zilembo za Chiarabu, chifukwa mbali ya Asilamu ndi imene yasiyidwa kwambiri m'mabuku a mbiri ya dera lino. Bungwe la MALICO, lomwe limalumikizitsa kale malaibulale pa zowerenga za pa intaneti, lingathandize kuti katalogi yake ikhale imodzi. Ndalama zikavuta, British Library ili ndi Endangered Archives Programme yomwe imathandiza ntchito ya mtundu womwewu, ndipo mfundo yake ndi yakuti zolembedwazo zisachoke m'dziko lawo.

Mfundo imeneyo tiyitsate ngakhale pakati pathu. Buku lisachoke m'manja mwa eni ake. Mfumu, shehe kapena wansembe asaine chikalata chonena zomwe zingaikidwe poyera ndi zomwe ziyenera kutsekedwa, pakuti m'mabuku a milandu ndi a maukwati muli nkhani za mabanja amene ali moyo. Nthawi yabwino yobwera ndi pakati pa Ogasiti ndi Okutobala, mapepala ali ouma ndiponso misewu ya kumidzi ikupitika.

Wosamalira laibulale,
Nkhotakota