Lipoti la maphunziro a ku Braamfontein okhudza apu yathu ya zopereka za maliro

A Tcheyamani, akomiti ndi abale nonse, zikomo ponditumiza Loweruka lapitali ku maphunzirowa ku Braamfontein, mumzinda wa Johannesburg ku South Africa. Gawo la m'mawa linali la malonje ndi zithunzi zambirimbiri, palibe chimene ndatolapo.

Chimene chinandigwira mtima ndi cha masana. Mphunzitsi anati ngakhale apu (pulogalamu ya pa foni) itapangidwa kale theka, nthawi yofunsa anthu amene aziigwiritsa ntchito sinathe. Umupatse munthu foni, umuuze kuti "lipirani chopereka cha mwezi uno", iwe n'kukhala chete. Iyeyo azilankhula zimene akuganiza akamadina. Osamuthandiza, osamufunsanso kuti "mwaikonda?" Apa ndinavomereza ndi mtima wonse, chifukwa Mmalawi adzangoti "ili bwino" mwaulemu. Ndinayesa apu yathu ndi mayi wina amene ndinayandikana naye. Chala chake chinazungulirazungulira pagalasi, batani lolipirira osaliona, mpaka anandibwezera foni mwamanyazi ngati wolakwa ndi iye. Mphunzitsi uja anatiuzanso zimene Jakob Nielsen, katswiri woona mmene anthu amagwiritsira ntchito mapulogalamu a pa kompyuta, analemba mu 2000, kuti anthu 5 okha amaulula pafupifupi 85 peresenti ya mavuto otere. Asanu basi! Ndiye mawu aja akuti kafukufuku ndi wodula sindikuwamvanso.

Tinakambirananso za POPIA, lamulo la ku South Africa loteteza zinsinsi za anthu, lomwe linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 July 2021. Limati usatenge zambiri za munthu kuposa zimene ukufunikira, ndipo mwiniwake adziwe chifukwa chake. Apu yathu ikufunsa nambala ya pasipoti patsamba loyamba. Ndinadandaula za izi pamsonkhano wathu, ndinauzidwa kuti ndikhale pansi, ndipo mpaka lero zimandipweteka. M'bale wa ku Diepsloot amene mapepala ake sali bwino adzatseka pomwepo, pamene maliro ake ndi amene amativuta kwambiri kutumiza kumudzi. Nanga amayi ogwira ntchito m'nyumba ku Randburg, ena a timafoni ta mabatani? Anawafunsa ndani asanasankhe kuti zonse zikhale m'Chingerezi?

Pempho langa n'lakuti mnyamata wathu wopanga apu ayambe waima kaye. Lamlungu tikaweruka kutchalitchi ku Yeoville, tikhale ndi anthu asanu mmodzimmodzi: amayi awiri, wa m'gadeni, telala ndi gogo mmodzi. Mnyamatayo aziona ndi maso ake, ine ndizilemba. Bungwe ligule data yokha.

Za ndalama ya ulendo, mukudziwa kuti mataxi sapereka risiti. Ndalemba zonse papepala ndipo chenji ndapereka kale kwa a msungichuma.