Tisawataye aphunzitsi a sayansi odziwa chinenero chamanja

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko kudzera m'nyuzipepala yanuyi pa nkhani ya aphunzitsi amene amaphunzitsa sayansi kwa ana osamva, chifukwa nkhaniyi yandikhala pamtima chaka chonse chino ndipo ndaona kuti kumangodandaula pa gulu la WhatsApp la kubanja sikutithandiza kanthu.

Ine ndine malume wa mtsikana wina yemwe ali Fomu 3. Mwanayu anabadwa bwinobwino akumva, koma ali ndi zaka 5 anadwala matenda oumitsa khosi aja, moyo anapulumuka inde koma makutu anatsekeka mpaka lero. Bambo ake anatisiya kale ndiye za fizi, sopo, thiransipoti zonse zili pa ine, paja amati mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndipo ndinene poyamba kuti ndikamati "osamva" sindikutanthauza mwana wamwano ayi, mawu amenewa pa Chichewa amasokoneza, mpaka anthu ena kumudzi amangomutchula mayina achipongwe aja ngati kuti mutu wakenso sugwira. Mutu wa mwana ameneyu umagwira kwabasi, masamu amawathyola kuposa ana anga obereka ndekha.

Ku pulayimale zinthu zinkayenda. Dziko lino lili ndi masukulu a ana osamva monga Maryview ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, Mountain View ku Bvumbwe, Mua ku Dedza, Embangweni ku Mzimba, Bandawe ku Nkhata Bay ndi ina ku Karonga, ndipo aphunzitsi a m'masukulu ngati amenewa ine ndimawavulira chipewa. Vuto limayamba mwana akasankhidwa kupita ku sekondale, komwe amakakhala m'kalasi limodzi ndi anzake akumva, ana 60 kaya 70, mphunzitsi wa kemisitile akulankhula kwinaku akulemba pa bolodi atatembenuka, mwana wathu akungoona msana. Ngakhale kuwerenga milomo komwe sikutheka pamenepo. Mphunzitsi wapadera amene amakhala ku resource room, chipinda chothandizira ana olumala pasukulu, amayesetsa ndithu, chinenero chamanja amachidziwa bwino, koma nthawi zambiri maphunziro ake anali a upulayimale, nde umuuze amasulire mawu a kemisitile ngati mole kaya valency, naye zimamuvuta, si kulakwa kwake. Ndiye timapezeka tili ndi anthu awiri, wina akudziwa sayansi koma manja ali ziii, wina manja akuyankhula koma sayansiyo sanaiphunzire mozama, mwana ali pakati.

Chaka chatha kusukulu kwa mwanayu kunabwera mphunzitsi wina wachinyamata wa fizikisi ndi kemisitile amene anali ndi mchimwene wake wosamva, nde chinenero chamanja anakula nacho pakhomo. Abale inu, kusintha kwake! Tsiku lina nditapita kukamuona mwanayu ndinapeza ali mu labu, ndinaima pawindo kuonerera. Ankaphunzira za sound, mutu umene aphunzitsi ambiri amangoti aaa uwu osamvawa tingowadumphitsa. Iye anabwereka ng'oma ya kwaya, anathira timbewu ta mpunga pachikopa, n'kuiomba pambali, timpunga tija n'kuyamba kudumphadumpha. Kenako anapatsa mwana aliyense baluni yopopa kuti aigwire ndi nsonga za zala, iye n'kumaomba ng'oma ija chapafupi, mwana wathu uja anatong'ola maso n'kuyamba kuseka chifukwa kunjenjemera kuja anakumva m'zala. Atatero m'pamene anafotokoza ndi manja kuti phokoso ndi kunjenjemera kumene kumayenda mumpweya. Ndinaona ngakhale ana akumva aja anamvetsa bwino kuposa mmene akanamvera ndi notsi zokha.

Chinanso chimene mphunzitsi ameneyu anandifotokozera, chomwe ine sindinkachiganizirako n'komwe, ndi chakuti mwana wosamva maso ake ndi omwewo oonera experiment, ndi omwewonso omvera mphunzitsi. Pa experiment ya titration, yodonthezera mankhwala ena mwa ena, mwana wakumva amayang'ana madzi a pinki aja mu flask kudikira kuti asinthe mtundu, khutu lili kwa aphunzitsi. Wosamva sangachite ziwiri nthawi imodzi, akayang'ana manja a womasulira dontho lija ladutsa kale, mtundu wasintha iye osaona. Nde iye ankachita kufotokoza kaye, kuima, kuloza kuti tsopano yang'anani apa, kuchita experiment, kenako kubwereranso kufotokoza. Zimadya nthawi, piriyodi imodzi siikwana, moti ankawaitananso Loweruka popanda kulandira kalikonse. Palinso nkhani ya mawu. Mawu ngati photosynthesis ali ndi zilembo 14, ukamachita kuspela ndi zala nthawi iliyonse dzanja limatopa ndipo mwana amangoloweza zilembo osadziwa kuti chinthucho n'chiyani. Iye ndi ana aja anapangana okha chizindikiro, dzanja lina ngati tsamba lina ngati dzuwa likuwomba, koma chizindikiro chimenecho chimathera pasukulu pomwepo, mwana wa sukulu ina sangachidziwe.

Mphunzitsi ameneyu pano kulibe. Anapeza ntchito ku bungwe lina m'tauni ndipo ine sindimuda, ali ndi banja, zinthu zadula, luso lake la manja lija silinkamuonjezera ngakhale 1 tambala pa malipiro kapena kumuyandikitsa ku promoshoni. Chichokereni iye mwana wathu fizikisi watsika, wayamba kunena zoti angoisiya, mwana amene ankati akufuna adzaphunzire za magetsi ku MUBAS kapena ku MUST.

Apa m'pamene pali pempho langa. Ntchito yophunzitsa sayansi kwa ana osamva ikhale ntchito yodziwika, yokhala ndi njira yake, yoti wachinyamata ali ku koleji anganene kuti ine ndikufuna kudzakhala ameneyo ndipo ndidzakwera mpaka apa. Tili ndi koleji ya Montfort ku Chiradzulu imene yakhala ikusula aphunzitsi a ana olumala kwa zaka zambiri, tili ndi Domasi ndi Nalikule komwe kumachokera aphunzitsi a sekondale. Bwanji osalumikiza ziwirizi, wophunzira uphunzitsi wa sayansi amene ali ndi chidwi apatsidwe chaka chapadera cha chinenero chamanja, osati ka workshop ka masiku atatu kongophunzira moni ndi afabeti, akamaliza alandire ka alawansi kake komanso atumizidwe kusukulu kumene kulidi ana osamva, osati kumuponya kwina kumene lusolo likafere.

Kunja zimenezi anaziona kalekale. Ku America boma linakhazikitsa mwalamulo mu 1965 sukulu yotchedwa National Technical Institute for the Deaf, ili mumzinda wa Rochester ku New York, ndipo inayamba kulandira ophunzira mu 1968. Kumeneko osamva amaphunzira za makompyuta, uinjiniya, ntchito za mu labu, ndipo pomwepo amasulanso aphunzitsi a sekondale ndi omasulira, ena mwa ma lecturer ndi osamva okhaokha. Ku Scotland, pa yunivesite ya Edinburgh, asayansi osamva amakhala pansi ndi akatswiri a chinenero kupanga zizindikiro za mawu a sayansi n'kuziika pa intaneti ngati mavidiyo kuti sukulu iliyonse izigwiritsa zofanana. Sindikunena kuti tikopere zizindikiro zawo ayi, chinenero chamanja cha ku Malawi ndi chathuchathu, n'chosiyana ndi cha ku America kapena ku Britain, ndipo bungwe la anthu osamva la MANAD linagwira kale ntchito yaikulu potulutsa dikishonale yake. Chatsala n'choti a MANAD, a ku Malawi Institute of Education ku Domasi ndi aphunzitsi a sayansi akhale pamodzi atipangire mawu a bayoloje, kemisitile, fizikisi ndi kompyuta, awajambule pa vidiyo, masiku ano foni ili paliponse, zitha kuyenda ngakhale pa memory card.

Komanso osamva eniakewo apatsidwe mpata wokhala aphunzitsi. Malawi anavomereza mu 2009 pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala, ndipo gawo 24 la panganoli limanena poyera zolemba ntchito aphunzitsi odziwa chinenero chamanja, kuphatikizapo aphunzitsi amene ali olumala. Koma kuti wosamva afike ku koleji akuyenera kukhoza MSCE ndi makiredi 6 kuphatikizapo Chingerezi, chinenero chimene sanachimvepo ndi khutu, nde ngati ku sekondale kulibe womuthandiza adzafika bwanji? Tikuzungulira malo amodzi, palibe aphunzitsi chifukwa ana sakukhoza, ana sakukhoza chifukwa palibe aphunzitsi.

A ku Unduna wa Maphunziro, chonde, pa 23 September pamene dziko lonse limakumbukira zinenero zamanja, chaka chino mutiuzeko kuti aphunzitsi a sayansi odziwa manja alipo angati ndipo mukufuna kusula angati. Mwana wa mlongo wangayu mayeso a Fomu 4 alemba chaka chamawa, mapulakitiko akumudikira, ndipo holide ino wandipempha kuti ndimupezere munthu woti azimuphunzitsa fizikisi ndi manja, ndafunsa m'tauni muno monse sindinamupeze.

Malume wokhudzidwa,
Zomba