Zotsatira za kafukufuku wa zaumoyo zizitifika ife eni ake

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa kafukufuku wa zaumoyo amene ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba yakhala ikuchita kuyambira mu 1992, poyenda khomo ndi khomo kufunsa mafunso ndi kuyeza ana msinkhu ndi kulemera kwawo. Kafukufuku wa mu 2015 ndi 2016 adapeza kuti ana 91 mwa 100 alionse amabadwira ku chipatala. Chiwerengero chimenechi n'chonyaditsa ndithu, koma sichinena zimene mayi amakazipeza akafika ku chipatalako.

Mwezi watha ndidaperekeza mlamu wanga woyembekezera ku sikelo pa chipatala china chaching'ono kunja kwa mzinda uno. Namwino adali mmodzi yekha, amayi atadzaza pakhonde chibwerere m'mamawa ndi mabuku awo akuchipatala m'manja, makina oyezera kuthamanga kwa magazi atawonongeka, ndipo mankhwala owonjezera magazi adatiuza kuti tikagule tokha. Komatu m'kaundula mlamu wangayo adalembedwa kuti walandira thandizo.

N'chifukwa chake ndikupempha Unduna wa Zaumoyo kuti kafukufuku woyendera zipatala zenizenizo, ngati wa mu 2013 ndi 2014 uja amene adaunika mankhwala, zipangizo ndi ogwira ntchito, azichitika pafupipafupi, makamaka kuno kumpoto kumene odwala kwambiri, kaya a ku Chitipa kaya a ku Likoma, amadalira chipatala chachikulu chimodzi cha Mzuzu. Zotsatira zake zizimasuliridwa m'Chichewa ndi m'Chitumbuka kuti zikafike kwa mafumu ndi makomiti a zaumoyo a m'midzi.

Ine wowerenga wanu,
Mzuzu