Kuwotcha kaunjika sikungaphunzitse achinyamata kukonda nsalu zakwawo

A Mkonzi,

Boma la Indonesia likulakwitsa pomenyana ndi kaunjika powotcha mabelo, ndipo ndikutsutsana ndi amene akuyamikira zimenezi ponena kuti kuwotchako kudzaphunzitsa achinyamata a dzikolo kukonda nsalu zakwawo.

Dzikolo linaletsa kuitanitsa zovala zakale kuchokera kunja mu 2015, ndipo mu 2023 pulezidenti wa nthawiyo, Joko Widodo, anati malondawa akusokoneza kwambiri mafakitale a nsalu. Mabelo anawotchedwa pamaso pa atolankhani. Komabe achinyamata sanasiye kudzaza misika ya Pasar Senen ku Jakarta ndi Gedebage ku Bandung, ena n'kumagulitsanso zomwe asankhazo pa TikTok ndi Instagram.

Ine ndakhala ndikutsegula mabelo kuno ku Limbe kwa zaka zambiri, ndiye ndikuwadziwa ana otere. Mnyamata amene amavundukula mulu wa majini m'mawa sikuti amadana ndi zosokedwa kwawo ayi. Akufuna chovala cholimba, chosafanana ndi cha mnzake, pa ndalama zochepa zomwe ali nazo m'thumba. Ena amabwera ndi chithunzi pa foni, kundiuza kuti ndiwapezere jekete longa limenelo. Mukawotcha belo, chilakolako chimenechi sichipsa nawo, mtengo wokha ndi umene umakwera, ndipo katundu amalowabe mozembetsa.

Mzinda wa Bandung uli kale ndi timashopu ta achinyamata osoka zovala zawozawo. Boma liwachepetsere msonkho pa nsalu ndi makina osokera, liwapatse malo m'misika momwemo muli kaunjikamo, kuti wogula aziyerekeza yekha.

Wogulitsa kaunjika,
Limbe